Wamasiye wa m'Kamera

"Chotsani manja pathumba limenelo, bambo a Pilira. Ndati chotsani!"

Bernadetta adaima pakhomo la kachipinda kosungiramo mbewu, atadzikulunga chitenje mpaka m'khosi chifukwa cha chisanu cha m'mawa. Mwamuna wake Gerevazio adali atakokera kale thumba limodzi la kachewere panja, ndipo tsopano ankalimbana ndi lachiwiri. Kachewereyo adali wambewu, wotuluka kale timaso, wongodikira kupita kudimba.

"Mayi a Pilira, musandichititse manyazi m'mawa uno. Anthu akumva."

"Amve! Chaka chatha mudagulitsa kachewere yense wa m'munda wa amayi anga, mumvekere ndikagula kamera yopanda filimu ndalama zizingotuluka ngati ngumbi. Ndidakhala chete. Lero mwafika pambewu. Mawa mudzagulitsa chiyani, denga?"

"Ndikungofuna batire la sipeya basi. Simudamve zimene zidandichitikira paukwati ku Kabwazi? Akwati akutuluka m'tchalitchi, amayi akululutira, ine ndakweza kamera m'mwamba, yangoti zii! Batire latha. Kuzizira kwa kuno kumamwa moto wa m'batire ngati munthu waludzu. Ndikanathamangira kwa ometa ku Mayani kukatchajitsa, akwati akanandidikira? Tianyamata ta mafoni tidandiseka mpaka kugwetsa misozi. Ndikakhala ndi mabatire awiri, lina likatha ndiziikamo lina."

"Nanga kamerayo pano ikugulidwa bwanji?"

Gerevazio adayang'ana kumbali.

"Yankhani. Achimwene anga a Anselmo adaiona ku Lilongwe, m'sitolo momwe mudaigulamo. Akuti mtengo wake wagwa ndi theka poti kwabwera zina zatsopano. M'dziko muno mchere ukukwera, feteleza akukwera, ngakhale machesi akukwera. Chinthu chimodzi chokha chimene chikutsika ndi chimene inu mudasankha kugula. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, bambo a Pilira, wapachala ngwamphepo. Kachewereyu ndiye fodya wathu."

"Inunso muzidziwa kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Bizinesi imafuna kupirira."

"Mimba ya mwana imadziwa kudekha?"

Gerevazio adamukankhira pambali ndi phewa, osati mwamphamvu, koma mokwanira kuti adutse. Adamanga matumba awiriwo panjinga nayamba kuikankha kulowera kumsewu wa ku Mayani, mpaka chifunga chidamumeza. Bernadetta adalowa m'kachipinda muja. Pansi padatsala tikachewere tingapo togudubuzika pakona, ndipo adatitola kamodzikamodzi n'kutiika m'lichero.

Batire lidabwera madzulo ake, lokulungidwa m'kapepala konyezimira. Koma ntchito siidabwere. Kumsika anthu ankajambulana okha ndi mafoni, ndipo amene ankafuna chithunzi chogwira m'manja ankatsitsa mtengo mpaka Gerevazio ankangotsala ndi thukuta. Ankachoka m'mawa kamera ili pakhosi, n'kubwera madzulo mabatire onse awiri ali odzaza ngati mmene adachokera.

Tsiku lina masana Bernadetta akuchokera kudimba, komwe adadzalako mpiru m'malo mwa kachewere, adapeza yunifolomu ya Pilira ili pachingwe koma mwini wake palibe. Pilira adali mwana wawo yekhayo, wa zaka khumi ndi chimodzi, ndipo sankakonda kuyendayenda. Pafupi ndi nkhokwe padaima njinga yamoto yachilendo. Kenaka adamva mawu kuseri, kubwinja kumene kudali nyumba yogumuka ya munthu wina amene adasamuka kalekale.

"Usaseke, mwana iwe. Yang'ana pansi. Eya, choncho. Tsopano kweza maso pang'onopang'ono ngati ukufuna kulira."

Bernadetta adatula khasu nathamangira komweko. Pilira adali atakhala pachiunda chogumukacho, atavala diresi lakale limene amayi ake ankapukutira mapoto. Miyendo yake idali yotuwa ndi phulusa, tsitsi atalisokoneza, m'manja atagwira mbale yopanda kanthu. Gerevazio adagwada patsogolo pake ndi kamera, ndipo pambali padaima bambo wonenepa wa jekete yachikopa ndi nsapato zonyezimira.

"Mayo ine! Mukumutani mwana wanga?"

"Awa ndi a Gibson," adatero Gerevazio mothamanga. "Ali ndi bungwe lothandiza ana amasiye ku Mayani. Andipatsa ntchito."

A Gibson adavula chipewa namwetulira. "Mayi, musadandaule. Anzathu akunja amene amatithandiza amafuna kuona ndi maso. Mzungu sapereka kanthu asanaone chithunzi. Ndiye timangowatumizira kuti mitima yawo ifewe."

"Ana amasiye atha m'midzi muno kuti mufike pa wanga?"

"Alipo ambiri, koma owasunga ayamba kuvuta. Komanso si nkhope iliyonse imene imagwira mtima pachithunzi. Mwana wanuyu ali ndi maso abwino."

Bernadetta adamukoka Pilira padzanja, mbale ija n'kugwa. Adatembenukira kwa mwamuna wake.

"Bambo a Pilira, ine ndili moyo. Inu muli moyo. Mwana wa anthu amoyo mukumutcha wamasiye, si malodza amenewa? Mukundilosera chiyani?"

"Chithunzi sichipha munthu, mayi a Pilira. Chipita kutsidya la nyanja, kuno palibe amene adzachione. Mumafuna kamera ibweretse ndalama, lero yabweretsa, mukukalipanso?"

"Ndalama yoikira ine m'manda?"

A Gibson adaseka pang'ono nayang'ana wotchi yawo. "Tajambula kale zokwanira. A Gerevazio, mundipeze mawa ndi kadi ya m'kameramo."

Madzulo amenewo Bernadetta adamusambitsa mwanayo ndi madzi ofunda, kumukhula miyendo mpaka adadandaula kuti zikuwawa. Gerevazio adabwera ndi shuga ndi kabotolo ka mafuta ophikira tsiku lotsatira. Bernadetta adafuna kuzitaya kudzala. Koma m'nyumba mudali mutatha mwezi osalowa shuga, ndipo Pilira ankayang'ana paketiyo osaphethira. Bernadetta adaitsegula.

Padangopita masabata awiri. Pilira adabwera kuchokera kusukulu nthawi yoweruka isanakwane, nalowa m'nyumba osapereka moni, n'kudzifunditsa bulangeti kumutu.

"Wadwala?"

Pilira adatembenukira kukhoma.

"Pilira, ndikulankhula nawe."

"Sindidzapitanso kusukulu."

Bernadetta adavundukula bulangetilo. Maso a mwanayo adali otupa.

"Akunditcha wamasiye. Chithunzi chija achikhoma pansalu yaikulu ku Mayani, pakhomo pa ofesi ya a Gibson. Chilinso m'mafoni. Aphunzitsi adandiitana n'kundifunsa kuti maliro adachitika liti iwo osamva. Akuti pansi pake alemba m'Chingerezi kuti amayi ndi abambo anga adamwalira atadwala nthawi yaitali, ine ndimagona m'bwinja, ndimadya zotola. Anzanga akuti ndisawagwire, mwina nanenso ndili nako kachilombo."

Lamulungu lake, kumapemphero a mphakati wa kutchalitchi kwawo, Bernadetta adaona amayi anzake akusendera pang'ono pamkeka iye atakhala. Wina adamugwira dzanja pomaliza, namunong'oneza mwachifundo: "Ngati mukumwa mankhwala musabise, anzathu. Utsi sufuka popanda moto." Adabwerera kunyumba osaona njira.

Lisanafike Lachitatu adatuma uthenga kwa a Anselmo, mlongo wake wamkulu, mwini mbumba. Pamudzipo Gerevazio adali mkamwini, ndipo Bernadetta adatsimikiza mumtima kuti ulendo uno achimwene ake amulozera njira ya kwawo ku Lobi. A Anselmo adafika m'mawa dzuwa litangotentha pang'ono, koma sadafike wapansi monga mwa masiku onse. Adatsika panjinga yamoto ya a Gibson.

Adakhala pakhonde, amuna pamipando, Bernadetta pamphasa. Iye adafotokoza zonse, kuyambira pambewu mpaka pansalu ya ku Mayani. A Anselmo ankangogwedeza mutu, akusisita chipewa pabondo.

"Mlongo wanga, ndamva," adatero potsiriza. "Alamu adalakwa, safunsa adadya phula. Alamu, mudalakwa."

"Ndidalakwa," adavomera Gerevazio, maso ali pansi.

"Koma madzi akatayika saoleka. Tsopano pali nkhani ina. A Gibson, fotokozani."

A Gibson adakonza pakhosi. "Chithunzi chija chagwira ntchito kuposa mmene timaganizira. Anzathu akunja awiri ali m'dziko muno, ndipo akufuna kudzamuona mwanayu ndi maso Loweruka likubwerali. Abweretsa mabulangeti, chimanga, feteleza, mwinanso za sukulu yake mpaka kusekondale. Chofunika n'chochepa. A Gerevazio akhala wojambula wa bungwe. Inu mayi mukhala azakhali ake, amene mumamuponyerako kachakudya mukapeza."

Bernadetta adawayang'ana achimwene ake, kudikira kuti akalipe. Sadakalipe.

"Achimwene, mwamva zimene akunenazi? Ndikhale azakhali a mwana amene ndidabereka ndekha?"

"Tsiku limodzi lokha, mlongo wanga."

"Akupatsani chiyani?"

A Anselmo adatsokomola. "Andipempha kuti ndikhale wapampando wa komiti ya mudzi uno. Si nkhani ya kupatsidwa. Taganiza bwino. Mbewu ulibe. M'nkhokwe mwako ndasuzumiramo, chimanga chimenecho sichifika Okutobala. Ine ndili ndi ana asanu ndi mmodzi, sindingakusenze. Mbewa yamanyazi idafera kuuna."

"Nanga ndikakana? Ndikaimirira pamaso pa azunguwo n'kunena kuti mayi wake ndine?"

A Gibson sadakweze mawu. "Mukhoza kutero, mayi. Koma amene adajambula chithunzi chabodza n'kuchigulitsa kubungwe ndi amuna anu. Ine ndidzati adandinamiza, ndipo apolisi adzafuna mwini kamera. Komanso midzi yonse yozungulira kuno ikudikira mabulangeti amenewa. Akabwerera nawo chifukwa cha inu, mudzatunga madzi pachitsime chiti?"

"Amati nkhuyu zodya mwana zidapota wamkulu," adatero Bernadetta. "Kuno zodya akulu zikupota mwana."

Alendo atapita, Gerevazio adayandikira.

"Mayi a Pilira, zikatha izi ndigulitsa kamera. Ndalumbira."

"Mugulitsa kwa yani? Mudayesa kale, ndidamva. Wa sitolo ku Dedza adakuuzani kuti angakupatseni ndalama ya nkhuku ziwiri."

Masiku otsalawo a Gibson ankabwera masana aliwonse kudzamuphunzitsa Pilira zoyankha. Bernadetta ankamva ali kuseri kwa nyumba akusankha nyemba. Dzina lako ndani? Umagona kuti? Udadya liti? Mwanayo akalakwitsa ankabwereza, mpaka mawu ake adasiya kunjenjemera. Kangapo Bernadetta adaganiza zomutenga n'kuthawira naye kwa mnzake ku Kabwazi. Koma ankati akasuzumira m'nkhokwe, ankasintha maganizo.

Loweruka kudacha ndi mphepo yodula makutu. Anthu a m'mudzimo adasonkhana kubwinja kuja, ambiri atavala nsanza monga adauzidwira. Bernadetta adamuveka yekha mwana wake diresi lopukutira mapoto lija. Phulusa adakana kumupaka, ndiye amene adamupaka ndi a Anselmo.

Galimoto yoyera idafika dzuwa lili pamutu, kumbuyo itadzaza katundu. Mudatuluka mayi wachizungu wa imvi ndi mnyamata wamtali, onse ovala zipewa. Amayi adayamba kuimba nyimbo yolandira alendo. Mayi wachizungu uja atangomuona Pilira adagwira pakamwa, nagwada pafumbi patsogolo pake, misozi ikutsika. Bernadetta adaona kuti misoziyo idali yeniyeni, ndipo chimenecho chidamupweteka koposa.

Gerevazio ankazungulira ndi kamera, kugwada, kuimirira, kubwerera m'mbuyo. Anyamata adatsitsa matumba a chimanga, feteleza ndi mtolo wa mabulangeti n'kuziunjika pambali pa mwanayo. Posakhalitsa kamera idazima. Gerevazio adatulutsa batire la sipeya m'thumba la malaya mwamatama, koma lidakana kulowa. Lidali litatupa pakati ngati chitumbuwa. Adalikankha ndi chala chachikulu, adalipukuta pamalaya, adaliuzira mpweya, osatheka.

"Adakugulitsani lachinyengo," adanong'ona a Gibson. "Sunthani." Adatulutsa foni yawo n'kupitiriza kujambula okha.

Mayi wachizungu adagwira manja a Pilira nafunsa kanthu. A Gibson adamasulira mokweza kuti onse amve.

"Akufunsa kuti amayi ako ali kuti."

Bernadetta adali ataima poyandikira, moti akanatambasula dzanja akanakhudza mutu wa mwanayo. Pilira adatembenuka namuyang'ana. Kudali kuyang'ana kofunsa, ngati mmene ankachitira ali wamng'ono akafuna kuwoloka mtsinje. Bernadetta adatsegula pakamwa kuti alankhule. Adaona a Anselmo akumupukusira mutu, adaona amayi a m'mudzi maso ali pamabulangeti, adaona matumba a feteleza. Adayang'ana pansi.

"Adamwalira," adatero Pilira.

"Nanga awa ndi ndani?"

"Azakhali."

Mayi wachizungu adaimirira namukumbatira Bernadetta mwamphamvu, akulankhula zambiri m'khutu mwake. Ankanunkhira sopo wabwino.

"Akuti Mulungu akudalitseni posamalira mwana wa eni," adamasulira a Gibson. Anthu adaomba m'manja.

Alendo sadakhalitse, poti ankati akaonenso chitsime kwina. A Gibson adawafotokozera kuti katunduyo akasungidwe kaye kuofesi kuopa akuba, agawidwa bwino komiti ikakhala pansi. Mnyamata wamtali uja adagwedeza mutu kuvomereza. Anyamata omwe adatsitsa matumba aja adawakwezanso. Pilira adatsala ndi bulangeti limodzi limene mayi uja adamufunditsa ndi manja ake, ndi kamtanda ka sopo.

Galimoto itapita anthu adayamba kung'ung'udza, kenaka kukalipa. Sadakalipire a Gibson, amene ankaliza kale njinga yawo. Adakalipira a Anselmo, ndipo ena adaloza Bernadetta kuti banja lake ladyera pamsana pa mudzi. Gerevazio adathamangira njinga ija.

"Bwana, nanga za ntchito ya lero?"

"Ntchito iti? Zithunzi ndajambula ndekha." A Gibson adavala chipewa. "Kunena zoona, a Gerevazio, masiku ano kamera n'katundu wongolemetsa khosi. Koma mwanayo musamutumize kutali. Mwezi wamawa kubwera gulu lina, lalikulu kuposa ili."

Fumbi la njinga litatha, Gerevazio adakhala pachiunda chogumuka chija, batire lotupa lili m'manja, akulitembenuzatembenuza. Bernadetta adatenga mwana wake kupita naye kubafa, natenthetsa madzi.

Pilira adaima phee pamwala uku akusambitsidwa, osadandaula za kuzizira ngati kale. Madzi otuwa ndi phulusa ankayenderera kutsika m'miyendo. Bernadetta adafuna kunena kanthu, kupepesa kapena kufotokoza za nkhokwe, koma mawu aliwonse amene adawapeza adali opepuka.

"Ndayankha bwino?" adafunsa mwanayo.

"Wayankha bwino, mwanangu."

Pilira adayang'ana mpanda wa udzu.

"A Gibson akuti obwera mwezi wamawawo amafunsa zambiri, ndiye ndisamasinthesinthe mawu. Akuti tigwirizane kunyumba." Adatembenuka, madzi akudontha pachibwano. "Amayi, ndizinena kuti mudamwalira chaka chiti?"